Kulima Matimati m'Madengu Opachika

Boma la Ntcheu ndi lotchuka m'Malaŵi muno chifukwa cha ulimi wa matimati. Munthu woyenda pa mseu waukulu wochokera ku Lilongwe kupita ku Blantyre amaona milu ya matimati ofiira psuu pa misika ya Lizulu ndi Kampepuza. Ambiri mwa matimati ameneŵa amalimidwa kumapiri, monga ku Tsangano, kumene kumazizira.

Kasinje ali m'boma lomweli, koma kumeneko zinthu nzosiyana. Malo ameneŵa ali kumunsi kwa mapiri, m'chigwa cha Bwanje, m'mbali mwa mseu wochokera ku Balaka kupita ku Salima. Kumatentha kwambiri, makamaka m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala. Mvula ikasiya, timitsinje timayamba kuphwa. Mabanja amene ali ndi madimba amapitiriza kudya ndiwo zokoma, koma si banja liri lonse limene liri ndi dimba. Banja lopanda dimba liyenera kugula matimati, ndipo ndalama zikasoŵa, ana amadya ndiwo zopanda matimati.

Kubzala matimati pabwalo la nyumba nako nkovuta. Anthu akatha kukolola amatayirira mbuzi, ndipo mbuzizo zimadya chomera chiri chonse chobiriŵira. Nkhuku zimapalasa mizu ndi kujompha zipatso. Nthaka ya pabwalo ndi yolimba, ndipo madzi othirira amachokera kutali, ku chitsime kapena ku mjigo.

Akuluakulu adati, "Ukaipa dziŵa nyimbo." Munthu wopanda dimba angathe kudzipangira dimba la m'mwamba. Amathira dothi m'dengu, nabzalamo matimati, napachika dengulo pamene mbuzi ndi nkhuku sizingafike.

Kwao kwa matimati

Matimati, amene ena amati phwetekere, kwao ndi ku South America. Adayamba kumera okha kutchire m'maiko a Peru ndi Ecuador, ndipo zipatso zake zidali zing'onozing'ono. Anthu a ku Mexico adaŵalima kwa zaka zambiri azungu asanafike. M'zaka za m'ma 1500 anthu a ku Spain adatenga mbeuyi kupita nayo ku Ulaya, ndipo kuchokera kumeneko idafalikira m'maiko ambiri. Matimati amakometsa ndiwo, komanso ali ndi mavitamini, makamaka vitamini C, amene amathandiza thupi kulimbana ndi matenda.

Matimati oyenera m'dengu

Matimati alipo a magulu aŵiri. Ena ndi oyanga. Ameneŵa amangotalikirabe, ndipo amafuna mtengo wautali woŵamangirirapo. Chitsanzo chake ndi Money Maker. Ena ndi aafupi. Ameneŵa amachita nthambi zambiri ngati kachitsamba, ndipo nsonga zikachita maluŵa amaleka kutalika. Zitsanzo zake ndi Roma ndi Rodade.

Oyenera m'dengu ndi aafupiŵa, chifukwa safuna malo aakulu. Nthambi zao zikalemedwa ndi zipatso zimaŵeramira m'mbali mwa dengu osagunda pansi. Matimati a zipatso zing'onozing'ono ndiwo amachita bwino koposa, chifukwa nthambi zao sizithyoka msanga.

Kukonza dengu ndi dothi

Dengu lakale la nsungwi limene lidaleka kugwira ntchito kumunda ndi lokwanira. Chidebe chobooka nachonso chimathandiza. Dengulo likhale la masentimita 30 kukamwa kwake, ndiponso masentimita pafupifupi 30 kuya kwake. Likachepa kuposa apa, mizu imapanikizika ndipo dothi limauma msanga.

M'kati mwa dengu mlimi amayalamo chiguduli kapena thumba lakale kuti dothi lisatayike. Ngati thumbalo ndi la pulasitiki, amaliboola pansi pake malo angapo. Mabowo ndi ofunika kwambiri, popeza madzi akadikha m'dengu mizu imasoŵa mpweya ndipo imaola.

Dothi labwino amalipanga posakaniza mbale ziŵiri za dothi lakuda la pamwamba, mbale imodzi ya manyowa oola bwino, ndi mbale imodzi ya mchenga. Amabwereza muyeso umenewu mpaka dengu litatsala pang'ono kudzaza. Manyowa aaŵisi saloledwa chifukwa amaotcha mizu.

Mlimi wanzeru satapa dothi pamene padali matimati, fodya, tsabola, mabiringanya kapena mbatatesi. Mbeu zimenezi ndi zapachibale, ndipo zimagwidwa ndi matenda ofanana. M'dothi lotere mumabisala tinyongolotsi tosaoneka ndi maso, timene timatupitsa mizu. Mumakhalanso matenda amene amafotetsa chomera chonse ngakhale dothi liri lonyowa. Ubwino wina wa dengu ndi umenewu: mlimi amasankha yekha dothi lopanda matenda.

Kufesa ndi kuokera

Ku malo otentha ngati Kasinje, nthaŵi yabwino yofesa ndi mwezi wa Epulo kapena Meyi. Matimati ofesedwa nthaŵi imeneyi amachita maluŵa kukali kozizira. Izi nzofunika chifukwa kutentha kukanyanya maluŵa amayoyoka asanabale zipatso.

Njere amazifesa m'kabokosi kapena m'phale, naziphimba ndi dothi lochepa. Zimamera pakatha sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono. Pakatha masabata anai, mbande zimakhala zitatalika masentimita 10 mpaka 15, ndipo zafika pookera.

Kuokera kumachitika madzulo, dzuŵa litapepa. Mlimi amayamba wathirira mbandezo, kenaka amazula yamphamvu pamodzi ndi dothi la kumizu kwake. M'dengu limodzi amaokeramo mbande imodzi yokha. Munthu waumbombo amene amaika mbande zitatu m'dengu limodzi amakolola zochepa, chifukwa mbandezo zimalimbirana madzi ndi chakudya. Akatha kuokera amathirira, naphimba dothi ndi udzu wouma kuti chinyontho chisathe msanga.

Kupachika dengu

Dengu la dothi lonyowa limalemera kuposa makilogalamu 10. Chifukwa cha ichi, ntchito yopachika ndi ya munthu wamkulu. Amazika mphanda ziŵiri zolimba, naika mtanda pamwamba pake. Dengu amalimanga ndi zingwe zitatu kapena zinai za khonje, zodutsa pansi pake, kuti lisapendekeke. Liyenera kukwera ndithu, popeza mbuzi imatha kuimirira ndi miyendo yakumbuyo pofuna msipu. Koma lisakwere mopitirira, kuopa kuti wothirira angalephere kulifikira.

Matimati amafuna dzuŵa la maola asanu ndi limodzi kapena kuposerapo tsiku liri lonse. Dengu lopachikidwa m'kati mwa khonde kapena pansi pa mtengo wa mango limabala masamba okhaokha. Malo abwino ndi amene pamaomba dzuŵa kuyambira m'maŵa, koma pamafika kamthunzi madzulo, ndiponso posaomba mphepo yamkuntho.

Kuthirira ndi kudyetsa

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse. Matimati a m'dimba amazika mizu yao pansi kufunafuna chinyontho. Matimati a m'dengu alibe kothaŵira. Moyo wao wonse uli m'manja mwa mwini dengu. Komanso dothi la m'dengu limauma msanga chifukwa mphepo imaliomba mbali zonse.

Mlimi amapisa chala m'dothi m'maŵa uli wonse. Likakhala louma amathira madzi pang'onopang'ono mpaka atayamba kudontha pansi pa dengu. Masiku otentha amathirira kaŵiri, m'maŵa ndi madzulo. Madzi amathira patsinde, osati pamasamba, chifukwa masamba onyowa amagwidwa matenda msanga. Madzi otsukira ndiwo zamasamba kapena mpunga ndi abwino kuthirira, koma a sopo ndi a mchere amaononga chomera. Pansi pa dengu angathe kutcherapo beseni kuti madzi odontha agwirenso ntchito.

Kuthirira modumphadumpha kumabweretsa mavuto aŵiri. Chomera chikakhala ndi ludzu masiku angapo, zipatso zimada ndi kuola kunsonga kwake. Chikalandira madzi ambiri mwadzidzidzi pambuyo pa ludzu, zipatso zimang'aluka. Motero munthu akafuna kuchoka pakhomo masiku aŵiri, ayenera kupempha mnzake kuti atsale akuthirira.

Chakudya cha m'dengu nachonso chimatha msanga, popeza china chimatuluka ndi madzi odontha aja. Maluŵa akayamba, mlimi amaonjezera manyowa oola odzaza dzanja pakatha masabata aŵiri ali onse. Ena amamanga zitosi za nkhuku m'kathumba, naviika m'chidebe cha madzi kwa masabata aŵiri. Madziwo amaŵasungunula ndi madzi ena mpaka ataoneka ngati tiyi wosakolera, ndipo pamenepo ndiye amathirira patsinde.

Matimati aafupi saphata nthambi monga achitira ndi oyanga. Nthambi iri yonse imabala zipatso, choncho woidula wataya ndiwo. Amangochotsa masamba okalamba ndi odwala.

Adani amene dengu silingaletse

Dengu limateteza matimati ku mbuzi, nkhuku ndi matenda a m'dothi, koma tizilombo touluka timafikabe. Kena mwa ito ndi kagulugufe kakang'ono kotchedwa Tuta absoluta. Nako kwao ndi ku South America. Kadaoneka ku Spain m'chaka cha 2006, ndipo m'zaka zotsatira kadafalikira mu Afirika mpaka kufika m'Malaŵi muno. Mphutsi zake zimaloŵa m'kati mwa tsamba ndi kudya mnofu wake, nkusiya maŵanga oyera ngati pepala. Zimaboolanso zipatso.

Mdani wina ndi kangaude wofiira, wochepetsetsa kwambiri, amene amabisala kuseri kwa masamba nthaŵi yotentha. Palinso matenda a chiŵau amene amakonda nyengo ya chinyezi, ndipo amaumitsa masamba ngati aŵauka ndi moto.

Mwini madengu oŵerengeka ali ndi mwai, chifukwa angathe kuyang'ana tsamba liri lonse. Akaona tsamba logwidwa amalithothola nkulitentha kapena kulikwirira. Vuto likakula amafunsa alangizi a zaulimi. Mankhwala ophera tizilombo ndi oopsa, ndipo ana sayenera kuŵakhudza.

Kukolola

Zipatso zoyamba zimapsa pakatha miyezi iŵiri kapena itatu chiokerereni. Matimati aafupi amapsa pafupifupi nthaŵi imodzi, kenaka chomera chimatha mphamvu. Chifukwa cha ichi, mlimi wochenjera saokera madengu onse tsiku limodzi. Amaokera aŵiri lero, ena aŵiri pakatha masabata atatu, ndipo potero ndiwo sizidukiza pakhomo.

Akatha kukolola amakhuthula dothi lakale kumunda wa chimanga, nakonza lina latsopano. Amaonanso ngati dengu ndi zingwe zikali zolimba, popeza nsungwi imaola ikanyowa nthaŵi yaitali.

Madengu asanu sangadzaze mtanga wopita nao ku msika. Koma amakwanira kukometsa nkhwani, usipa ndi nyemba za banja limodzi, ndipo ndalama zimene zikadapita ku matimati zimagula mchere, sopo kapena makope. Ntchito imeneyi siifuna munda kapena khasu. Imafuna munthu wosaiŵala kuthirira.

Matanthauzo a mau

kuphwa: kuuma kwa madzi mumtsinje kapena m'chitsime
kutayirira: kusiya ziŵeto kuti zidziyendera zokha popanda mbusa
mbande: mbeu zanthete zimene zimazulidwa kuti zikabzalidwe pena
kuokera: kubzala mbande pamalo pamene idzakulire
chinyontho: kunyowa kwa dothi
mphanda: mtengo wogaŵikana paŵiri kunsonga kwake
kuphata: kuchotsa nthambi zina pa chomera

Mafunso

1. Kodi nyengo ya ku Kasinje ikusiyana bwanji ndi ya ku Tsangano?
2. Tchulani mavuto atatu amene munthu amakumana nao akabzala matimati pabwalo la nyumba.
3. Kodi kwao kwa matimati ndi kuti?
4. Fotokozani kusiyana kwa matimati oyanga ndi matimati aafupi.
5. Nchifukwa chiyani si bwino kutapa dothi pamene padali fodya kapena tsabola?
6. Nchifukwa chiyani matimati a m'dengu amafuna kuthiriridwa kaŵirikaŵiri kuposa a m'dimba?
7. Kodi chimachitika nchiyani munthu akamathirira modumphadumpha?
8. Kodi mwambi wakuti "Ukaipa dziŵa nyimbo" ukugwirizana bwanji ndi nkhaniyi?

Zochita

A. Lembani mau aŵa mochulukitsa: dengu, duŵa, tsamba, muzu, chingwe, mtanda, phale.

B. Pangani ziganizo zomveka bwino ndi mau aŵa: kuyoyoka, kupendekeka, kudikha, kupisa, kudukiza.

C. Mlimi wathira mbale 8 za dothi lakuda. Kodi afunika mbale zingati za manyowa, ndi zingati za mchenga?

D. Mothandizidwa ndi aphunzitsi, konzani madengu aŵiri pa sukulu panu. Limodzi mulipachike padzuŵa, lina pamthunzi. Gaŵanani masiku othirira, osaiŵala Loŵeruka ndi Lamulungu. Sabata iri yonse lembani m'kope mwanu kutalika kwa chomera, tsiku limene maluŵa ayamba, ndi kuchuluka kwa zipatso. Pomaliza lembani ndime imodzi yofotokoza zimene mwapeza.