Kusamuka ku Zomba pa galimoto yamagetsi namondwe akamabwera

Galimoto yoyendera batire imadalira magetsi, pomwe magetsiwo ndiwo amayamba kuthima namondwe akafika. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Freddy naye, mu Marichi 2023, anagwetsa mapolo a magetsi ndi kudula misewu m'chigawo chakumwera. Wa galimoto ya petulo amasungirako mafuta m'chigubu, koma moto wa batire sulowa m'chigubu. Choncho nthawi yotchaja ndi tsiku lomwe a zanyengo achenjeza pa wailesi, chifukwa pa soketi wamba ya m'nyumba batire limafuna usiku wathunthu kapena kuposerapo.

Gawo loopsa kwambiri ndi lotsika phiri la Zomba. Msewu wochokera ku Chawe ndi ku damu la Mulunguzi ndi wopapatiza, wokhotakhota, ndipo nkhungu ikagwa munthu saona kutali. Akuluakulu a ku Zomba sanaiwale napolo wa mu Disembala 1946, yemwe anatsetsereka ndi miyala ndi mitengo n'kukokolola milatho ya m'tauni. Amene ali pamwamba atsike kukadali kowala, nthaka isanakhute madzi.

Pali chinthu chimodzi chimene madalaivala ambiri sachidziwa. Potsetsereka, galimotoyi imadzichepetsera liwiro pobwezera moto m'batire. Koma batire likakhala lodzaza mpaka pakamwa motowo umasowa kolowa, ntchito yonse n'kugwera mabuleki, omwe amatentha pa mtsetse wautali ngati uwu. Wogona paphiri ndi bwino alekezere kutchaja pa 80 kapena 90 peresenti; kutsikako kudzawonjezera kwina.

Kufika m'tauni, njira ndi msewu wa M3. Kumwera umadzera pa Thondwe ndi Namadzi kukafika ku Blantyre, mtunda wa makilomita osapitirira 70. Kumpoto umadutsa Chinamwali, Domasi ndi Malosa mpaka ku Liwonde, makilomita ngati 50. Batire lodzaza limakwanira ulendo uliwonse mwa iwiriyi, koma liyenera kukwaniranso wobwerera, poti mlatho ukapezeka utaduka palibe kuchitira mwina, ndipo malo otchajira m'njiramu sangawerengeredwe. Msewu wa ku Jali umatsikira ku chigwa cha nyanja ya Chilwa, komwe mtsinje wa Likangala umasefukira, choncho si kothawira.

Pa mdipiti wa magalimoto, galimotoyi ili ndi mwayi: ikaima imadya moto wochepa, malinga ngati dalaivala wazimitsa ziziziritso ndi zotenthetsera.

Madzi oyenda pamsewu asawolokedwe, ngakhale aoneke osaya. Batire lomwe lamira likhoza kuyaka patapita masiku, n'chifukwa chake galimoto yotere imaimikidwa panja, kutali ndi nyumba, ndipo sitchajidwa mpaka katswiri ataiona. Ikathera moto panjira sikokedwa ndi chingwe matayala ali pansi, chifukwa mota imawonongeka. Imanyamulidwa pa lole. Dalaivala aikankhire m'mphepete kuti ambulansi zidutse, atenge mankhwala, ziphaso ndi foni, apite wapansi ndi banja lake kumtunda.