PHUNZIRO LA EDZI NDI NTHENDA ZINA ZOPATSANA POGONANA

Abale ndi alongo a ku Khombedza ndi midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja, mwezi uno tiphunzira nkhani imene makolo athu sanainene pabwalo. Akuru akumbukira zaka za m'ma 1990, pamene makasu okumbira manda sanapume, ndipo agogo analera adzukulu popeza ana ao adatha. Nthendayo anthu anaicha kaliwondewonde, ena magawagawa, pakuti dzina lace lenileni anaopa kulichula. Ife tilichula tsopano: ndilo Edzi, ndi kacirombo koyambitsa kace ndiko HIV.

Mbiri ya nthendayi inamveka poyamba ku America m'caka ca 1981, ndipo madotolo a ku Paris anapeza kacirombo kace mu 1983. Kuno ku Malawi wodwala woyamba anadziwika mu 1985. Kacirombo aka kakalowa m'mwazi kaononga asilikali a m'thupi pang'ono pang'ono, ndipo munthu akhoza kukhala nako zaka zambiri ali wonenepa, napalasa bwato monga kale. Asilikaliwo atacepa, cifuwa cacikuru ndi kutsegula m'mimba zipeza mudzi wopanda mlonda. Njira zace ndi zitatu: kugonana, mwazi, ndi kucokera kwa mai kumka kwa mwana. Udzudzu sukanyamula iai, kapena mbale ya nsima, kapena cikho ca pa Mgonero. Musamtalikire mnzanu pa zimenezi.

Taonani tsono m'mene ziliri m'maiko. Mu 2024 anthu okhala ndi kacirombo pa dziko lonse lapansi anali pafupifupi mamiliyoni 41, ndipo oposa theka la iwo, ngati mamiliyoni 21, anali kum'mawa ndi kumwera kwa Afrika kuno. South Africa yekha ali nao pafupifupi mamiliyoni 8, ndipo ku Eswatini mwa akuru anai ali onse mmodzi ali nako. Cimodzi ca zifukwa zace ticidziwa bwino, ndico ulendo wa kunchito. Kuyambira masiku a Wenela amuna anakhala ku Joni caka ndi caka, akazi ao ali kumudzi. Kuyambira mu 1988 Amalawi ngati 13,000 anabwezedwa kucokera ku migodi ya ku South Africa pa mkangano wa kuyeza mwazi. Koma kubweza alendo sikunaciletsa kacirombo, pakuti kanafalikira komweko kopambana kwathu kuno.

Ku Malawi kuli anthu ngati miliyoni imodzi okhala nako. Kafukufuku wa Boma wa mu 2020 ndi 2021 anapeza kuti mwa akuru 100 ali onse, 9 anali nako, akazi oposa 10 ndi amuna 7. Ndipo cigawo ca kumwera cinalemedwa koposa ca pakati cino. Komatu zinthu zasinthika ndithu. Mu 2004 Boma linayamba kugawa ma ARV kwaulere. Mu 2011 dziko lathu linatsogolera maiko onse pakupatsa mai ali yense wapakati kapena woyamwitsa, wopezeka nako, mankhwala a moyo wace wonse, kuti mwana apulumuke. Kuyambira 2016 ali yense wopezeka nako ayamba mankhwala osadikira kuti adwale. Kafukufuku yemweyo anaonetsa kuti mwa anthu 100 okhala nako, 88 anadziwa. Mwa odziwa 100, 98 analikumwa mankhwala. Ndi mwa akumwa 100, 97 kacirombo kanagona m'mwazi mwao. Munthu amene kacirombo kagona cotere sapatsira mkazi wace kapena mwamuna wace. Otsala 12 aja, osadziwa, ndiwo ofunika kuwafuna, ndipo ambiri a iwo ndi amuna ndi acinyamata.

Pano nkhani yafika pa gombe lathu. Msodzi acoka kwao miyezi, nagona pa dooko, ali ndi ndalama za usiku womwewo m'thumba, mowa uli pafupi, cipatala ciri kutali. Ndipo pamene usipa wacepa, amai ogula nsomba acuruka koposa nsombazo. Pamenepo amveka mau akuti ndalama yokha siikwana. Anthu afulumira kunena mai wotere, koma ine ndiyesa kuti mlandu waukuru uli pa mwini bwato amene achula mtengowo, podziwa kuti maiyo wasiya ana anjala kunyumba. Pa cisumbu ca Mbenji, m'dziko la Mfumu Makanjira, malamulo akale aletsa mowa, njuga ndi akazi pa cisumbupo. Koma msodzi abweranso kumtunda, kumene kulibe mlonda womuona. Cifukwa cace wocoka ulendo atenge mankhwala okwanira masiku onse, pamodzi ndi buku lace la kucipatala, ndi makondomu omwe.

Tisaiwale nthenda zakale zimene zinatipeza Edzi isanafike, pakuti zironda zace zitsegulira HIV khomo. Cindoko ndi conyenga koposa zonse. Ciyamba ndi kacironda kosawawa kumalo obisika, ndipo kacirondako kapola kokha patapita masabata owerengeka. Munthu ayamika mizu imene anamwa, nati, Ndacira. Koma nthendayo yangolowa m'kati. Pambuyo pace idza ndi zidzolo m'manja ndi m'mapazi, nibisalanso, kufikira iononga mtima ndi ubongo. Mwa mai wapakati ipha mwana m'mimba, kapena mwanayo abadwa wodwala. Mabanja angati anenezana ufiti pa mitembo ya makanda, osadziwa kuti ndi cindoko? Cikhalirecho mankhwala ace adziwika kuyambira 1943, ndiwo jekeseni ya penisilini. Ici ndico cifukwa mai ayenera kuyamba sikelo m'miyezi itatu yoyamba, ndipo bambo apite naye.

Cinzonono cionekera msanga mwa mwamuna, ndi mafinya ndi kuwawa pokodza, koma mwa mkazi kawiri kawiri cikhala cete, nicitseka njira za ciberekero. Pamenepo mkazi atonzedwa kuti ndi wosabala, cinkana amene anabwera nayo nthendayo ndiye womtonzayo. Musagule makapisozi awiri atatu pamsika. Mankhwala osakwanira aphunzitsa tizirombo kulimba, ndipo m'maiko ambiri cinzonono cayamba kale kukana mankhwala amene anaciciza kale. Wopatsidwa mankhwala ku cipatala ca Khombedza atengenso mnzace, cifukwa akacira mmodzi yekha, nthendayo ibwera pa mphasa yomweyo.

Ndinenepo kanthu kamodzi ka kunyanja kuno. Likodzo, limene titenga posamba ndi pocapa m'madzi okhala ndi nkhono, licititsa zironda ndi mwazi kumalo obisika a mkazi, ndipo lifanana ndi nthenda ya cigololo. Mwamuna asafulumire kupitikitsa mkazi wace, kapena kholo kumenya mtsikana. Dotolo ayambe waona. Atsikana omwewo aperekedwe ku katemera wa HPV, amene anayamba m'dziko muno mu 2019, woletsa khansa ya khomo la ciberekero, nthenda imene ipha amai a ku Malawi koposa a maiko ambiri.

Alipo ena amene auza odwala kuti, Mwapemphereredwa, tayani mankhwala. Musawamvere. Ma ARV sapha kacirombo konse, angokagoneka. Wowaleka, kacirombo kadzuka m'masabata ocepa, ndipo mwina sikamvanso mankhwala akalewo. Mu Januwale 2025 Boma la America linaimitsa mwadzidzidzi thandizo lina la nchitoyi, ndipo mantha anagwira ambiri m'maiko onse ano. Ena anaganiza zodumphitsa masiku kuti mibulu ikhalitse. Kutero ndiko kudzivulaza. Mbulu umwedwe tsiku liri lonse, wosagawana ndi mnzako.

Kotsala ndi aka, kamene ambiri sakadziwa. Mwana kapena mai akagwiriridwa, musayambe ndi kukamba mlandu kwa ankhoswe kapena kwa mfumu. Thamangani naye ku cipatala asanathe maora 72, ndiwo masiku atatu, pakuti alipo mankhwala akumwa masiku 28 amene aletsa kacirombo kukhazikika m'thupi. Mlandu mudzakamba mutabwerako.