Phunziro: Ng'ombe Siponya Voti, Koma Mwini Wake Amaponya

Nyengo ya kampeni ikafika, ng'ombe imalowa m'ndale ili mumphika. Pamisonkhano anthu amadya nyama, amavina, nabwerera kwawo ndi zitenje. Koma ng'ombe yamoyo, ija yaima m'khola makutu atadzaza nkhupakupa, siitchulidwa kawirikawiri. Timamva za feteleza, za misewu ndi za mtengo wa chimanga, ndipo zonsezi n'zofunika. Funso la phunziro lino ndi ili: kodi ziweto zathu amazilankhulira ndani?

Kuno ku Petauke ndi Nyimba masankho si achilendo. Masankho aakulu amachitika Lachinayi lachiwiri la mwezi wa Ogasiti zaka 5 zilizonse, ndipo pakati pake pamabwera achibwereza, monga a ku Kaumbwe mu Okutobala 2021 ndi a Petauke Central mu Febuluwale 2025. Nthawi zoterezi ndi pamene ofuna mipando amabwera okha kumidzi kudzatimvera. Mlimi wophunzira asafike pamsonkhano wotero wopanda funso.

Ubwino wa chiweto n'chiyani?

M'chaka cha 1979 bungwe lina lolangiza boma la Britain linalemba mfundo 5 zimene lero zimaphunzitsidwa m'maiko ambiri. Chiweto chisavutike ndi njala kapena ludzu. Chikhale ndi pogona pabwino. Chisasiyidwe ndi ululu, bala kapena matenda. Chikhale ndi mpata wochita zimene mtundu wake umachita. Ndipo chisakhale mwamantha. Dziko lathu lilinso ndi malamulo ake: lamulo loletsa kuzunza nyama, lotchedwa Prevention of Cruelty to Animals Act, ndi lamulo la umoyo wa ziweto la 2010. Motero nkhaniyi si ya azungu oweta agalu m'tauni ayi. Ndi nkhani ya ng'ombe yolimira, mbuzi yolipira sukulu ndi nkhuku yogulira mchere.

Zimene zimapha ziweto kuno

Choyamba ndi chigodola cha ng'ombe, chimene madokotala amati East Coast fever. Chimafalitsidwa ndi nkhupakupa yofiirira yokonda kuluma m'makutu. Ng'ombe imatupa anabere m'munsi mwa khutu, imatentha thupi, imapuma movutika, ndipo ikapanda mankhwala ingafe m'masabata atatu. Ana a ng'ombe ndiwo amafa kwambiri. Chitetezo chilipo: kusambitsa ng'ombe m'dipi mosadumphitsa, ndi katemera wa ana a ng'ombe amene m'chigawo chino amapangidwa ndi kachilombo kamene kanapezeka ku Katete.

Chachiwiri ndi matenda obwera ndi ntchentche za kashembe, makamaka kumidzi yoyandikana ndi chigwa cha Luangwa. Ng'ombe imaonda pang'onopang'ono mpaka kulephera kukoka pulawo. Chachitatu ndi chigodola cha nkhumba, chimene alimi kuno alibe katemera wake kapena mankhwala. Chida chathu ndi khola lolimba ndi kusayendetsa nkhumba nthenda ikabuka. Chachinayi ndi chitopa, chimene chimasesa nkhuku mudzi wonse pamene katemera wake ndi kadontho kamodzi m'diso. Pamwamba pa zonsezi pali ludzu. Chilala cha 2024, chimene boma linalengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse, chinatikumbutsa kuti ng'ombe yaikulu imafuna malita 30 kapena kuposerapo patsiku, ndipo madziwo sachokera m'malonjezo.

Funso lililonse lili ndi mwini wake

M'Zambia sitisankha boma la chigawo. Nduna ya chigawo imaikidwa ndi Pulezidenti. Amene timawasankha ndi khansala, wapampando wa khonsolo, phungu ndi Pulezidenti. Tiyenera kudziwa chimene aliyense angathe, kuopa kufunsa mbuzi kwa woweta nkhuku.

Kulemba ntchito alangizi a ziweto ndi kugula katemera ndi udindo wa unduna wa nsomba ndi ziweto. Phungu sangalembe mlangizi ntchito, koma angafunse nduna m'nyumba ya malamulo, ndipo amavomereza nawo bajeti. Dipi, damu ndi mjigo zingamangidwe ndi ndalama za chitukuko cha dera, za CDF, zimene zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse m'chaka cha 2022. Pempho la ntchito zotere limayambira m'komiti ya chitukuko ya wadi, mmene khansala amakhalamo. Ngati oweta sanapite kukalembetsa dipi lawo, ndalamazo zidzapita kwa amene anapita.

Tsono wofuna mpando akafika, timulandire mwaulemu, timufunse motere:

1. Dipi lathu likamangidwa kapena kukonzedwa, madzi ndi mankhwala ake adzachokera kuti chaka ndi chaka?
2. Mlangizi wa ziweto wa dera lino amayenda ndi chiyani, ndipo mudzamulankhulira motani?
3. Mu Okutobala mitsinje itauma, ziweto za wadi ino zidzamwa kuti?
4. Nthenda ikabuka, kuyendetsa ziweto n'kuletsedwa, kodi mudzaima ndi lamulo ngakhale ovota akwiye?

Funso lachinayi ndilo limayesa munthu. Kulonjeza dipi n'kosavuta. Kuuza anzako kuti asagulitse nkhumba zodwala kumafuna mtima. Mayankho tiwalembe m'buku la gulu, ndi tsiku lake, kuti tidzawawerenge pakatha chaka. Funso likhale limodzimodzi kwa onse, posayang'ana chipani.

Gawo limene palibe wandale angatichitire

Tisanaloze ena chala, tiyang'ane m'khola mwathu. Goli losasalala limene limatupitsa khosi la ng'ombe tinasema ndife. Ndife timalimitsa ng'ombe mpaka dzuwa lili paliwombo, osaimwetsa, kenaka n'kuikwapula kuti ndi yaulesi. Mbuzi zimene timaziona mumseu wa Great East zitamangidwa miyendo panjinga, mutu uli lende, zimachokera m'midzi yathu. Ndipo madipi ena anafa chifukwa eni ng'ombe analeka kusonkha ndalama za mankhwala. Mlimi amene ng'ombe zake zili ndi zilonda za chikwapu mawu ake amapepuka pamsonkhano. Amene amasamala zake amafunsa mutu uli m'mwamba.

Zokambirana m'magulu

Kodi dipi ndi madzi zapafupi ndi mudzi wanu zili pa mtunda wotani, ndipo zikugwira ntchito? Komiti ya chitukuko ya wadi yanu imakumana liti, ndipo mwa inu ndani anapitako? Pa mfundo 5 zija, ndi iti imene khola lanu likuilephera, imene mungaikonze sabata lino popanda kudikira masankho? Amene munamaliza maphunziro, kambiranani mafunsowa ndi oweta anzanu, ndipo mutitumizire mayankho.