Agogo Akayamba Kuiwala, Tsegulani Kabokosi

Kwathu ku Dowa ndi ku Ntchisi, agogo akamaiwala mayina a zidzukulu kapena kusochera pochokera kudimba, ena amathamangira kunena kuti ndi mfiti. Ayi ndithu. Kawirikawiri amakhala matenda a muubongo otchedwa dementia. Amayamba kufufuta za dzulo, koma zakale zimakhalitsa.

Ndiye langizo langa nali: pezani kabokosi, muikemo chithunzi chakale, chitenje chawo, chipande, mtedza wa chalimbana. Khalani nawo pamphasa, muwapatse chimodzi m'manja. Osawafunsa kuti, "Mukundidziwa?" Funsoli limawachititsa manyazi. Nenani, "Agogo, tandiuzeni za mtedzawu, munkagulitsa bwanji ku Mponela?" Akasokoneza zaka, asiyeni apitirize. Kuchipatalanso muwaperekeze akawaone.