Utsi ndi Fumbi pa Masamba a Mitengo

Zikomo bambo athu a ku Lifupa, kunkhalango ya Kasungu uko, chifukwa cha kalata yanu. Mwafunsa ngati utsi wa moto wolusa ndi wa m'mabaani a fodya umaonongadi mitengo. Inde bambo, ndipo umayambira pa tsamba penipeni. Tsamba limakutidwa ndi phula lopyapyala losunga madzi, ndipo lili ndi timabowo topumira tosaoneka ndi maso, tambiri tili kunsi kwake. Mwaye ndi fumbi zikamatirira, zimatseka timabowoto n'kutchinganso dzuwa, tsamba n'kumavutika kupanga chakudya. Mipweya ina ya mu utsi imanyenya phula lija, madzi n'kumathawa.

Ena anena kuti mombo ndi mtondo zimayoyola masamba m'chilimwe, ndiye palibe chodandaula. Koma masamba ofiira atsopano aja amaphuka cha mu Seputembala, mvula isanagwe, pamene tchire likupsa ndipo fumbi lili koboo, phula lawo lisanakhwime. Mvula imatsuka fumbi, n'zoona, koma siichiza tsamba lowauka kale. Paini wa ku Chikangawa ndiye ali pamoto, poti masamba ake onga singano amakhala pamtengo kupitirira chaka, kulandira utsi wa chilimwe chino ndi chamawa chomwe.