Nyumba ya masiye ndi msonkho wa phindu

Ambiri a ife tili ndi abale ku Joni, ndipo ena anagula nyumba kumeneko. Mwini nyumba akamwalira, ana amathamangira kugulitsa, n'kuiwala kuti SARS, bungwe lotolera misonkho ku South Africa, ili ndi gawo lake. Kuyambira pa 1 Okutobala 2001, phindu la pa katundu ngati nyumba limadulidwa msonkho m'dzikomo.

Tiyerekeze kuti bambo anagula nyumba pa R400,000, ndipo tsiku lomwe anamwalira inali ya R900,000. Inu mwaigulitsa pa R1,000,000. Phindu lanu ndi R100,000 basi, chifukwa lamulo limawerenga ngati munailandira pa mtengo wa tsiku la imfa. Kukwera kwa mtengo bambo ali moyo kumawerengedwa kwa iwo, ndipo msonkho wake, ngati ulipo, umachoka pa chuma cha masiye. Pa phindu lanulo amayamba achotsapo kandalama komwe lamulo limakhululukira munthu chaka chilichonse, kenako 40 peresenti ya zotsalazo amaiphatikiza ku ndalama zomwe mwapeza chaka chimenecho, n'kudula msonkho.

Choncho musataye chikalata chosonyeza mtengo wa nyumba pa tsiku la imfa, ngakhale mitima ili pa maliro. Sunganinso malisiti. Ndalama zomangira chipinda chowonjezera zimachepetsa phindu lowerengedwa, koma zokonzera denga lodontha ayi.

Werengani Aroma 13:7 ndi Malaki 3:10, kenako mukambirane m'gulu lanu: chakhumi chanu chichoke pa R100,000, kapena pa mtengo wonse wa nyumba yomwe simunaikhetsere thukuta?