MLIRI WA KU ATHENS: TIPHUNZIRAPO CIANI?

M'caka ca 431 Yesu asanabadwe, mizinda iwiri ya ku Greece, Athens ndi Sparta, inayamba nkhondo. Mtsogoleri wa Athens, Pericles, anauza anthu a kumidzi kuti athawire mkati mwa linga la mzinda. Anasiya minda yao, nakathinana m'tizisakasa ndi m'nyumba za milungu yao.

Caka cotsatira, mu 430, mliri unabuka padoko la Piraeus ndi kulowa mumzinda. Thucydides, amene anadwala nacira, analemba zizindikiro zake: kutentha mutu, kufiira maso, cifuwa, kusanza, zilonda pathupi, ludzu losatha ndi kutsegula m'mimba. Ambiri anali kufa tsiku la 7 kapena la 9. Asilikali a pansi 4,400 ndi a pa akavalo 300 anafa. Pericles nayenso anamwalira mu 429. Akatswiri ena a masiku ano akuti inali typhoid, ena akuti typhus kapena nthomba.

Matendawa anaononganso khalidwe. Poyamba anthu ananamizira adani kuti athira mankhwala m'zitsime. Ena anathawa odwala ao, ndipo odwalawo anafa okhaokha. Mitembo inali mbwee m'miseu ndi pa akasupe a madzi. Mwambo wa maliro unatha, malamulo ananyozedwa. Amene anacitira odwala cifundo kwambiri ndi aja ocira, popeza matendawa sanali kupha munthu wodwalapo kale.

Linga linaletsa mikondo ya Sparta, koma linasonkhanitsa anthu pamodzi ndi matenda. Ife a m'makomboni kuthinana tikudziwa: mabanja angapo pa cimbudzi cimodzi, citsime cili pafupi. Mliri wa ku Athens sunali kolera, koma kolera ndi typhoid zimakonda malo otere, makamaka m'dzinja.

Tsono kumbukirani izi:

1. Wiritsani madzi akumwa kapena thiranimo klorini.
2. Sambani m'manja ndi sopo mukacoka kucimbudzi ndiponso musanadye.
3. Musabise kapena kuthawa wodwala. Mpatseni ORS, ngati mulibe, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mcere mu lita imodzi ya madzi owiritsa. Thamangani naye kukiliniki akumwa m'njira.
4. Wakufa ndi kolera asasambitsidwe kunyumba. Itanani azaumoyo.
5. Musamvere mphekesera zoloza anzanu zala. Pamene mukangana, matenda afalikira.